Kulemba Maina Si Kukonzeka: Maganizo pa Ngozi za Nyengo m'Boma la Chitipa

Aliyense amene anakhalako ku Chitipa nyengo ya dzinja akudziwa m'mene masiku ena amathera. Dzuwa limaswa mtengo kuyambira m'mawa, ndipo chakumadzulo mitambo yakuda imaunjikana cha ku mapiri a Mafinga kapena a Misuku, mphepo nkuyamba kuzunguza fumbi pabwalo. Sipapita ngakhale ola lathunthu. Mvula ikamakata, denga la kalasi lili m'munda wa chimanga, mabuku a ana anyowa, ndipo gogo wina wakhala pakhonde kuyang'ana nyumba yake imene yatsala makoma okhaokha.

Zimene zimatsatira tonse tinaziloweza. M'mawa mwake a komiti ya m'mudzi amafika ndi kope ndi cholembera, nalemba maina a mabanja amene aonekedwa tsoka. Lipoti limapita ku khonsolo, ndipo a khonsolo amalitumiza ku Lilongwe. Pakapita masiku, mwina masabata, galimoto imabwera ndi matumba a chimanga, ndowa, mbale ndi mapepala a pulasitiki ofolerera. Timaomba m'manja ndi kuthokoza, ndipo nkoyeneradi kutero. Kenaka kalipentala amatola malata aja, nawawongola ndi hamala, nawakhomanso pa mitengo yomwe ija, m'njira yomwe ija. Chaka chamawa mphepo ikabweranso, kope lija limatulukanso.

Ife tikuona kuti apa pali chinthu chimene tachisokoneza. Tazolowera kuganiza kuti mudzi umene uli ndi komiti yodziwa kulemba maina msanga ndiwo mudzi wokonzeka. Koma kulemba maina ndi ntchito yochitika ngozi itagwa kale. Kukonzeka ndi ntchito ya mwezi wa Okutobala ndi Novembala, kumwamba kuli mbee, pamene palibe galimoto ya Boma kapena ya bungwe imene ikuyembekezeka. Ntchito imeneyi ndiyo taisiya yopanda mwini.

Malamulo obadwa pa maliro

Kuti timvetse m'mene tinafikira pamenepa, tiyambe taona mbiri ya malamulo athu. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, nakokolola midzi, milatho ndi anthu mazanamazana. Chaka chomwecho dziko lathu linakhazikitsa lamulo lake loyamba loona za kukonzekera ngozi ndi kupereka chithandizo. Dzina la lamulolo linali ndi mau onse awiri, kukonzekera ndi kuthandiza, koma pa zaka zoposa 30 zimene linagwira ntchito, mphamvu yake yambiri inaonekera pa kuthandiza anthu zinthu zitaonongeka kale.

Mu Januwale 2015 madzi anasefukira kwambiri, Boma nkulengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi, ndipo anthu pafupifupi 230,000 anasowa pokhala. Chaka chomwecho kunatuluka ndondomeko ya dziko yochepetsera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kenaka kunabwera anamondwe otsatizana: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, amene anasiya anthu oposa 1,200 atafa kapena atasowa osapezekanso, ndi ena oposa 650,000 opanda pogona. Patangopita masabata owerengeka Freddy atadutsa, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la 2023, lolowa m'malo mwa la 1991.

Lamulo latsopanoli sitingalinyoze ai. Mtima wake ndi woti dziko lichepetse ngozi isanafike, osangodikira kukapepesa anamfedwa. Limapereka udindo kwa makhonsolo, ndipo limapatsa Boma mphamvu yoletsa anthu kukhala m'malo oopsa. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene ambiri amaidziwa kuti DoDMA, yakhala ikupulumutsa miyoyo yambiri, ndipo amene analandirapo thumba la chimanga nyumba itagwa sangaiwale. Komabe taonani chinthu chimodzi: malamulo onse awiri anabadwa pa maliro akuluakulu a ku chigawo cha kumwera. Chithunzi cha ngozi chimene chili m'maganizo a dziko lonse ndi cha mtsinje wa Shire utadzaza, anthu atakwera m'mitengo ku Nsanje, kapena matope akutsika m'phiri la Soche ku Blantyre. Ngozi za ku Chitipa sizioneka choncho.

Ngozi zazing'ono koma zosatha

Chitipa ndi boma la kumtunda, lotalikirana ndi nyanja yamchere kumene anamondwe amachokera. Pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu pafupifupi 235,000, omwazikana m'madera a mafumu aakulu monga Mwabulambya, Mwenemisuku, Kameme, Mwenewenya ndi Nthalire. Chimene chimasautsa anthu amenewa kawirikawiri si chigumula chomiza boma lonse tsiku limodzi. Ndi mphepo ya mkuntho imene imasasula nyumba 20 m'mudzi uno lero, nyumba 10 kutsidya sabata yamawa. Ndi matalala amene amang'amba fodya ndi chimanga pa mphindi zochepa. Ndi mphezi imene imapha mwana woweta ng'ombe kudambo. Ndi mtsinje waung'ono umene umadzaza usiku, mayi wodwala matenda a pakati nkulephera kuoloka kupita ku chipatala. Ku Misuku, kumene khofi ndi nyemba zimalimidwa m'malo otsetsereka, ndi dothi limene limagumuka mvula ikagwa masiku otsatizana.

Ngozi zotere sizikopa atolankhani, ndipo palibe mtsogoleri wa dziko amene angaime pa wailesi kulengeza za nyumba 20. Koma kwa banja limene chimanga chake cha chaka chonse chanyowa ndi kuola, tsokalo ndi lathunthu. Tikaonjezera apo mtunda, nkhani imakula. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Chitipa ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 700. Nzoona kuti mseu wa tala wochokera ku Karonga unafupikitsa ulendo umene kale unkatenga tsiku lathunthu, koma amene anayendapo nthawi ya mvula kupita ku Nthalire, ku Wenya kapena kukwera ku Misuku akudziwa kuti boma silithera pa tala. Chithandizo chochokera kutali, ngakhale operekawo atakhala achangu chotani, sichingafike usiku umene denga lasasuka. Usiku umenewo muli nokha ndi anansi anu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Komiti ya kope ndi cholembera

Dongosolo la Boma linaika makomiti oona za ngozi pa magawo atatu: pa boma, kwa mfumu yaikulu, ndi m'midzi ya gulupu. Pa pepala, komiti ya m'mudzi ili ndi ntchito zambiri: kudziwa malo oopsa a m'dera lake, kukonza za kothawira, kufalitsa machenjezo, kudziwa kumene kuli okalamba, olumala ndi odwala, ndi kupereka lipoti ngozi ikagwa. Mwa ntchito zonsezi, imene yakula nkuphimba zinzake ndi yomalizayo.

Cholakwa sichili pa anthu a m'komiti okha ai. Ambiri a iwo ndi alimi anzathu ogwira ntchito mongodzipereka, opanda malipiro, opanda njinga, nthawi zina opanda ngakhale mayunitsi a foni. Cholakwa chili pa ife tonse, chifukwa komiti timaikumbukira pokhapokha pakamveka za kugawa zinthu. Pa msonkhano wokambirana za ngalande ndi mitengo yotchinga mphepo pamabwera anthu owerengeka. Pa tsiku lolemba maina bwalo limadzaza. Motero mpando wa m'komiti wasanduka mpando wa ulemu ndi wa mikangano, pakuti amene agwira kope ndiye agwira chimanga. Tinaonapo midzi imene abale anasiya kulankhulana chifukwa cha dzina limene linalembedwa kapena kusiyidwa, pamene denga la sukulu yao linali likadali pansi.

Pali chinanso choopsa kuposa mikangano. Munthu amene waphunzira kuti ngozi imabwera ndi thumba la chimanga amayamba pang'onopang'ono kuiona ngozi ngati nkhani ya Boma. Makolo athu sankaganiza choncho. Iwo ankaunika denga chilimwe chisanathe, ankakweza nkhokwe pamwamba pa miyala, ankasunga mawere amene saonongeka msanga, ndipo ankadziwa malo amene madzi amadutsa, osamangapo nyumba. Sitikunena kuti kale zonse zinali bwino, pakuti njala ndi mphezi zinkapha anthu nthawi imeneyonso. Tikungonena kuti iwo ankadziwa kuti kukonzekera dzinja ndi ntchito ya pakhomo.

Chifukwa chake denga limasasuka

Tiyeni titenge denga monga chitsanzo, popeza ndilo limaonongeka kwambiri kwathu kuno. Ambiri timaganiza kuti mphepo imakankha denga. Zoona zake nzakuti imalinyamula. Mphepo ikamathamanga pamwamba pa malata imawakokera kumwamba, monga momwe imakwezera phiko la ndege, ndipo ikalowanso m'nyumba kudzera pa chitseko chotseguka kapena zenera losweka, imakankha malatawo kuchokera pansi. Denga limagwidwa mbali ziwiri nthawi imodzi, ndipo limayamba kuzuka m'makona ndi m'mphepete.

Denga la udzu lolemera, lomangidwa ndi luzi ku nsichi zozikika pansi, linali chinthu chimodzi ndi nyumba yake. Pamene tinayamba kumanga ndi njerwa ndi malata, tinapeza nyumba zooneka bwino ndi zokhalitsa, koma nthawi zambiri tinaiwala kumangirira denga ku khoma. Mitengo ya denga imangosanjikidwa pamwamba pa njerwa zomangidwa ndi dothi, nkutsekera ndi njerwa zina ziwiri. Malata ndi opyapyala chifukwa ndiwo otsika mtengo, misomali ndi yowerengeka, ndipo chiswe chimagwira ntchito yake mwakachetechete.

Mankhwala ake ndi odziwika, ndipo amisiri abwino amawadziwa. Mitengo ya denga imangiriridwe ndi waya wolimba wozikika mizere ingapo ya njerwa pansi pa khoma. Misomali ichuluke m'mphepete ndi m'makona. Malata asatulukire kwambiri kunja kwa khoma, ndipo denga la khonde likhale lapadera kuti likazuka lisakoke nyumba yonse. Denga lotsetserekera mbali zinai limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Mitengo yobzalidwa m'mizere kumbali kumene mphepo imachokera, motalikirako ndi nyumba, imafooketsa mkuntho usanafike pakhomo. Zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zitagwetsa nyumba zambiri, Boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Malangizowo alipo, koma funso nlakuti ndi amisiri angati a ku Kameme kapena ku Ifumbo amene anawaonapo. Buku limene lili mu ofesi silimanga denga.

Pano tiyenera kudziyang'ana ifenso a mipingo. Ngozi ikagwa anthu amathawira ku sukulu ndi ku tchalitchi, koma nyumba zimenezi, chifukwa cha kukula kwa madenga ake, ndizo zimayamba kusasuka. Matchalitchi ambiri a m'midzi tinawamanga ndi manja athu, ndi zopereka zathu, ndipo tinakondwa pokhoma lata lomaliza. Ndi angati mwa ife amene tinakwerapo kukaona ngati mitengo yake inamangiriridwa? Kuitanira anthu m'nyumba imene sitinaiunike ndi kuwasonkhanitsa pa ngozi.

Mphezi ndi zimene timakhulupirira

Chaka ndi chaka, malipoti a nyengo ya mvula amasonyeza kuti mphezi ndi imodzi mwa zinthu zimene zimapha anthu ambiri m'Malawi. Mu Disembala 2013 inapha anthu 8 m'tchalitchi cha Seventh Day Adventist ku Lilongwe, ndipo mu Juni 2011 inapha ana a sukulu 18 pa tsiku limodzi ku Kiryandongo m'dziko la Uganda. Mphezi siisankha mpingo kapena mtundu. Imafuna njira yachidule yofikira pansi, ndipo chifukwa chake imakonda mtengo wautali woima wokha, chulu, phiri, kapena munthu woima pa dambo.

Zodzitetezera nzosavuta kuphunzitsa. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, choncho mwana aliyense angathe kuwerenga kuchokera pa kung'anima kufika pa kugunda, nadziwa kuti ngozi yayandikira. Munthu amene akumva bingu ali kale pamalo pamene mphezi ingamufike. Asabisale pansi pa mtengo, achoke pa madzi ndi pa bwalo la mpira, alowe m'nyumba, ndipo adikire theka la ola bingu lomaliza litamveka. Sukulu ndi matchalitchi ziyenera kukhala ndi chitsulo chokokera mphezi pansi, chimene anthu akhala akuchigwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 250.

Koma m'malo mophunzitsana zimenezi, kawirikawiri mphezi ikapha munthu timayamba kufunsa kuti waituma ndani. Maso amatembenukira kwa nkhalamba ya m'mudzi, ndipo pa maliro amodzi pamabadwa chiwembu chimene chingadzetse maliro achiwiri. Chikhulupiriro chimenechi chimaononga pawiri: chimazunza wosalakwa, ndipo chimatiletsa kukonzeka, pakuti munthu amene akhulupirira kuti mphezi imatumidwa saona chifukwa chochotsera mwana wake pansi pa mtengo. Mudzi umene ufuna kukonzekera dzinja uyenera kulimba mtima kukambirana nkhani imeneyi poyera, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ali pomwepo.

Chenjezo limveke m'chilankhulo cha pakhomo

Nthambi yoona za nyengo imalengeza mvula isanayambe m'mene dzinja likuyembekezeka kukhalira, ndipo imatulutsa machenjezo a mvula yamphamvu, mphepo ndi mphezi. Ntchito imeneyi yapita patsogolo kwambiri poyerekeza ndi kale. Koma chenjezo limapindula pokhapokha likafika kwa munthu m'nthawi yake, m'mau amene iye akumva, ndipo iye akadziwa chochita. Uthenga wambiri umatuluka m'Chingerezi ndi m'Chichewa, nkuyenda pa mafoni a intaneti. Chitipa ndi boma la zilankhulo zambiri kuposa lina lililonse m'dziko muno: Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chitumbuka ndi zina. Gogo wa ku Misuku amene alibe foni, amene amalankhula Chisukwa, chenjezo lolembedwa pa WhatsApp silimukhudza.

Dziko la Bangladesh lingatiphunzitse kanthu. Mu 1970 namondwe anapha kumeneko anthu oposa 300,000. Kuyambira 1972 anayamba kuphunzitsa anthu odzipereka m'midzi, amene amayenda pa njinga ndi pansi atanyamula zokuzira mau ndi mbendera, kuuza anthu khomo ndi khomo kuti athawire ku nyumba zolimba zimene zinamangidwiratu. Mu 1991 namondwe wina anaphabe anthu pafupifupi 138,000, koma iwo sanagwe mphwayi, ndipo mu 2007, pamene namondwe woopsa wotchedwa Sidr anafika, amene anafa anali oposa 3,000 pang'ono. Makina oonera nyengo anathandiza, koma chimene chinafikitsa uthenga pakhomo anali munthu wa m'mudzi momwemo, wolankhula chilankhulo chao.

Ife zida zoterezi tili nazo kale. Tili ndi mafumu ndi anyakwawa amene uthenga wa maliro amaufalitsa mudzi wonse pa ola limodzi. Tili ndi aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, mabelu a sukulu ndi a tchalitchi, miphakati imene imakumana sabata ndi sabata, ndi wailesi ya Tuntufye ya Dayosizi ya Karonga. Chimene chikusowa ndi kugwirizana kuti ndani alandira uthenga, auza ndani, ndipo belu likalira mwa njira yakutiyakuti anthu achite chiyani. Tikumbukirenso kuti mvula imene imagwa m'mapiri athu imatsika ndi mitsinje monga Lufilya ndi Songwe kukamiza minda ya anzathu a ku Karonga. Foni imodzi yochokera kumtunda ingawapatse maola angapo osamutsira ana ndi ziweto, ndipo nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa zikatetezedwa, madziwo amatsika mofatsa.

Nanga umphawi?

Wina adzati: zonsezi nzabwino, koma waya, misomali ndi malata olimba zimafuna ndalama, ndipo munthu amene akusowa feteleza simungamuuze za denga. Mau amenewa ndi oona, ndipo sitiyenera kuwapeputsa. Pali zinthu zimene banja losauka silingathe palokha, ndipo pali zimene mudzi sungathe: milatho, miseu, zitsulo za mphezi pa sukulu zonse, ndi kuphunzitsa amisiri. Zimenezi tiyenera kuzipempha kwa makhansala, aphungu ndi khonsolo mosatopa, ndi kufunsa kuti mwa ndalama za chitukuko zimene zimabwera m'boma, ndi zingati zimene zimapita ku ntchito yopewa ngozi. Tikamangidwira kalasi yatsopano, komiti ya sukulu ili ndi ufulu woona m'mene denga lamangidwira isanailandire.

Komabe umphawi ndiwo chifukwa chachikulu chokonzekera, pakuti wolemera denga likapita amagula lina, pamene wosauka amagona pa mvula. Mtengo wa waya womangira denga ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa malata atsopano. Ndipo zambiri sizilira ndalama konse: kukumba ngalande kuzungulira nyumba, kudula nthambi youma imene yalendewera padenga, kukweza matumba a chimanga pa thandala, kusunga ziphaso ndi mabuku a ku chipatala m'pepala la pulasitiki, kukonza akalozera ndi kubzala vetiva m'minda yotsetsereka, kupangana kuti mayi woyembekezera wa kutsidya kwa mtsinje apite kukadikirira ku chipatala masiku ake asanakwane. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amuna khumi a m'mphakati umodzi angathe kumangirira madenga a amasiye ndi okalamba onse a m'mudzi mwao pa Loweruka ziwiri kapena zitatu.

Tsono pempho lathu kwa makomiti a m'midzi, kwa mafumu ndi kwa inu makolo ndi ili: kope lija lisadikire mphepo. Litulutsidwe mu Okutobala, ndipo mulembedwe maina a mtundu wina: nyumba zimene madenga ake ndi ofooka, okalamba amene amagona okha, ana amene amaoloka mtsinje popita ku sukulu, munthu amene adzaimba belu, ndi nyumba yolimba imene taiunika kuti ndiyo yothawirako. Dzina lililonse likhale ndi mnansi woliyang'anira. Chithandizo cha Boma ndi cha mabungwe chikadzabwera tidzachilandira ndi manja awiri monga mwa nthawi zonse. Koma tikagwira bwino ntchito ya Okutobala, maina olembedwa mu Januwale adzachepa, ndipo gogo uja adzamva mphepo ikuomba ali m'nyumba yake, denga lili pamalo pake.